Mwala Ndiye Kholo la Nthaka: Phunziro la ku Mashonaland

Nthaka iliyonse ili ndi kholo lake, ndipo kawirikawiri khololo ndi mwala wa pansi pake. Ku Marondera ndi ku Macheke, kumene mafamu akuluakulu ankalima fodya wambiri minda isanagawidwe m'chaka cha 2000, pansi pali mwala wa granite. Dzuwa, mvula ndi mizu zikaufumbutsa, umasiya mchenga wochuluka ndi dongo lochepa. M'chigwa cha Mazowe miyala yake ndi yakuda, ndipo imabala katondo wosunga madzi ndi chonde.

Madzi akamakokolola munda, amayamba kutenga dongo ndi zowola za zomera, mchenga n'kutsala. Zotengedwazo zimakasanjikizana m'madambo ndi m'madamu. Zoterezi zikakwiririka kwa zaka mamiliyoni ambiri zimasanduka miyala ina: mchenga umalimba n'kukhala thanthwe, pamene zomera zimasanduka malasha onga a ku Hwange, ku Maamba, ku Moatize ndi ku Mchenga m'boma la Rumphi.

Chonde chikapita motero sichibwereranso kumunda. Pofuna kuteteza nthaka ndi madzi, boma la Southern Rhodesia linaletsa m'chaka cha 1952 kulima malo osakwana mamita 30 kuchokera mumtsinje.

Choncho alangizi, musanalangize za feteleza, kumbani dothi mudziwe kholo lake. Panthaka yamchenga feteleza amatsika msanga ndi madzi, motero athiridwe pang'onopang'ono, kangapo. Mapesi asatenthedwe koma akwiriridwe, manyowa athiridwe, ndipo mizere itsate akalozera.