Denga la Land Rover ndi Dzuwa la ku Mfuwe

Bambo wina wa kwa Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe, anagula Land Rover 110 yakale kwa eni loji ina imene inkasintha magalimoto ake. Mtundu uwu unayamba kupangidwa mu 1983, dzina loti Defender unalilandira mu 1990, ndipo fakitale ya ku Solihull inaleka kuupanga mu Januwale 2016, koma m'chigwa cha Luangwa ukadali pamsewu. Injini inali bwinobwino. Chinkamusowetsa mtendere chinali nsalu ya kudenga, yomwe inalendewera mpaka kusisita mitu ya okwera ndi kutchinga galasi loonera kumbuyo. Pamsewu wochokera ku bwalo la ndege la Mfuwe kupita kugeti la paki ya South Luangwa pamadzadza njinga ndi ana a sukulu, mwinanso njovu n'kutulukira, choncho sipofunika kuyendetsa ndi dzanja limodzi kwinaku lina likukankha nsalu.

Wosoka mipando ya galimoto amene anthu anamuuza za iye anali ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 100. "Ndalama yomulipira ameneyo bola ndigulire dizilo," anatero. Anagula chitini cha guluu womatira nsapato pa Cropping ku Mfuwe, zitenje ziwiri zabuluu wakuda, n'kuitana mwana wa mlongo wake kuti adzamuthandize.

Sanadziwe kuti denga lotere lili ndi zinthu zitatu: bolodi lopepuka, siponji yopyapyala, kenako nsalu. Siponji ija ndi ya polyurethane, ndipo kutentha ndi chinyezi zimaidya pang'onopang'ono mpaka isanduke ufa wachikasu wonanda m'manja. Nsalu ikagwa, wolakwa kawirikawiri si guluu wakale, ndi siponji imene yafumbwa. Ukapaka guluu watsopano pamwamba pa ufawo, n'chimodzimodzi kuzira nyumba usanasese: zimaoneka bwino tsiku lomwelo basi.

Awiriwa sanatsitse bolodi. Anang'amba nsalu yakale, n'kukunthako ufa ndi chisanza, n'kuyamba kupaka guluu ali m'kati mwa galimoto, nkhope zili chagada. Unali mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa m'chigwa kumadutsa madigiri 40, ndipo mawindo anawatseka poopa kuti fumbi lingamatirire pa guluu. Pasanapite nthawi mnyamata uja anati, "Amalume, mutu ukundizungulira." Malume ake anangoti, "Limba mtima mphwanga, tatsala pang'ono." Mnyamatayo anatuluka akudzandira, n'kusanza, n'kugwa pamthunzi wa mango.

Guluu wamtunduwu amasungunulidwa ndi mankhwala ouluka msanga, monga toluene. Mpweya wake umaledzeretsa, ukhoza kukomola munthu m'malo otsekeka, ndipo umayaka. Choopsa china n'chakuti ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye sukwera m'mwamba, umayenda chapansi kufikira utapeza moto. Tsiku limenelo mbaula ya amayi a m'nyumba inali ikunyeka chapafupi, ndipo batire sanaichotse ngakhale waya wa getsi la kudenga unali lende, wosenda. Kuti panalibe chinayaka, ine ndimati unali mwayi chabe. Land Rover zakale zambiri zinagwiridwa ndi amakaniko osawerengeka, mawaya ake analumikizidwa mwamtundumtundu, ndipo fyuzi imene ukuidalira mwina munthu wina anaimanga ndi kawaya kalekale.

Mnyamata anatsitsimuka atamwa madzi ndi kupuma. Bambo uja anamaliza yekha madzulo, ndipo chitenje chinakhala bwino ndithu, anthu n'kumayamikira.

Dzuwa silinachedwe kuyankha. Denga la Land Rover ndi la aluminiyamu, ndipo likakhala padzuwa la masana sungalikhudze ndi chikhatho. Guluu wa nsapato amafewa akatenthedwa chotere. Chipata ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Mfuwe ili pansi kwambiri, choncho ntchito imene ingapirire chaka kumtunda kuja, kuno imagonja msanga. Opanga Land Rover zakale za Series anaidziwa nkhani ya dzuwa, n'chifukwa chake pa station wagon zina ankaika denga lachiwiri pamwamba, kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Chitenje cha bambo uja chinayamba kutupa pakati, kenako chinamatuka mbali yonse ya woyendetsa.

Apa ndi pomwe anaonjezera tsoka. Pofuna kuthana nazo, anaboola ndi kumanga nsalu ndi masikuluwu, ndipo ena anapyoza denga mpaka kunja. Mvula ya Disembala itafika, madzi analowera m'mabowomo, bolodi linanyowa n'kupindika, m'galimoto n'kuyamba kununkha nkhungu. Bolodi lija likanatha kupulumuka pachiyambi, tsopano linali lotaya.

Nkhani ya mtundu wa chitenje nayo musaipeputse. M'nkhalango za tsanya za m'chigwa muno muli akashembe, ntchentche zofalitsa kaodzera, ndipo zimakonda kutsata galimoto yoyenda. Misampha yake imapangidwa ndi nsalu yabuluu ndi yakuda chifukwa mitundu imeneyi ndiyo imazikopa, monga akudziwira ogwira ntchito pa siteshoni yofufuza za akashembe ya Kakumbi. Ine sindingaike buluu wakuda pamutu pa okwera m'galimoto yoyenda mawindo ali pululu.

Pomaliza bambo uja anapitabe ku Chipata. Mmisiri anayamba ndi kuchotsa batire, n'kumasula zogwirira, zotchinga dzuwa ndi getsi, n'kutulutsa bolodi kudzera kukhomo lakumbuyo. Anapeza lina lakale kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka, n'kulipala ndi burashi mpaka ufa wonse unatha. Guluu wake anali wolembedwa kuti amapirira kutentha kwambiri. Anapaka mbali zonse ziwiri ali panja, n'kudikira kuti aume pang'ono, n'kuyala nsalu yotuwa ya siponji yatsopano kuyambira pakati kupita m'mphepete, theka limodzi kenako linalo. Mabowo a padenga anawatseka ndi malivetsi ndi mankhwala oletsa kudontha.

"Achikulire, awa ndi ndani anakuboolerani?" anafunsa mmisiri. Bambo uja anati ndi mwini wake wakale, n'kulipira ntchito ya nsalu, ya bolodi ndi ya mabowo, iliyonse mtengo wakewake.