AMATENGO NDI MINDA YAO YA MAENJE

Kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, m'dziko la Tanzania, kuli kadziko ka mapiri m'boma la Mbinga. Anthu a kumeneko achedwa Amatengo. Mapiri ao ena afika mamita 2,000 kutalika kwace, cotero kumazizira, ndipo mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala kufikira Meyi. Malo acidikha ngocepa. Minda yambiri iri pa zitunda zotsetsereka.

Kodi anthu anasankhiranji malo obvuta otere? Cinawakweza kumeneko ndi nkhondo. Mudziwa kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835. Ena a mtundu wao anakakhala ku Songea, nayamba kuthira nkhondo mitundu ya kumeneko. Anthu ambiri anathawira kumapiri, nabisala m'mapanga a ku Litembo. Moyo anaupulumutsa, koma anapeza mdani wina, ndiye mvula. Munthu akalima pamalo potsetsereka, madzi amakokolola nthaka yace yonse kunka nayo kumtsinje. Kutsika sakanatha, cifukwa ca adani; anayenera kupeza nzeru yosungira nthaka kapena kufa ndi njala.

Nzeru imene anaipeza ndiyo ulimi wa maenje, umene iwo aucha ngolo. Nchito yace imayamba m'mwezi wa Malici, mvula iri pafupi kutha. Amuna amamweta udzu m'munda, ndipo ukauma amauyala m'mizere, ina yotsika ndi phiri, ina yopingasa. Mizereyo imadukizana, ndi kusiya timabwalo ta mbali zinai, kutalika kwace monga mapazi awiri a munthu wamkulu. Pamenepo akazi amabwera ndi makasu. Amakumba pakati pa kabwalo kali konse, nakwirira udzu uja ndi dothi lace. Akatha, pakati patsala dzenje, ndipo m'mbali mwace muli mitumbira. Munthu woona mundawo ali patali angayese cisa ca njuci.

Pa mitumbira imeneyi amabzala nyemba, nazikolola m'nyengo yacisanu. Mvula ikabweranso amabzalapo cimanga. Atakolola cimangaco munda umapuma kufikira Malici. Tsono amakonza maenje atsopano, koma amasintha: pamene panali dzenje pakhala mtumbira, ndi pamene panali mtumbira pakhala dzenje.

Taonani ubwino wace. Madzi a mvula sathamanga kutsika phiri, cifukwa dzenje liri lonse limagwira madzi ace, ndipo amalowa pansi pang'ono pang'ono. Dothi likakokoloka pa mtumbira, limangogwera m'dzenje la pafupi. Udzu wokwiriridwa uja umaola nusanduka manyowa. Zomera zosafunika ndi mapesi amaziponya m'maenje, nazonso zimaolera momwemo. Motero munda umodzi umadyetsa atate, ana ndi adzukulu.

Cakudya cao cacikuru ndi nsima ya cimanga ndi ndiwo za nyemba, monga ifenso. M'zaka za m'ma 1920 anayamba kubzala khofi, amene amakonda malo ozizira, ndipo kufikira lero ndiye amawapatsa ndalama. Ku Litembo, kumene makolo ao anabisala, tsopano kuli mishoni ndi cipatala.

Koma mabvuto sanathe. Anthu acuruka, ndipo minda yacepa. Ena atsikira ku nkhalango za m'munsi, kumene amadula mitengo ndi kulima mopanda maenje, popeza kukumba ngolo ndi nchito yowawa. Kumeneko nthaka imakokoloka msanga. Dothi limene lapita kumtsinje silibwerera. Mwini munda akafuna kulisunga, ayenera kulisunga mvula isanalitenge.

MAFUNSO

1. Kodi Amatengo anakwereranji kumapiri?
2. Fotokozani nchito ya amuna ndi nchito ya akazi pokonza ngolo.
3. Chulani zabwino zitatu za ulimi wa maenje.
4. Mvula ikagwa, kaoneni kumene madzi amapita m'munda wa kwanu. Kodi anthu a m'mudzi mwanu amacita ciani kuti nthaka isakokoloke?