Musanakweze zida pa lole, yambani mwagwirizana

Achinyamata a kwathu kuno, kuyambira pa Gadaga mpaka ku Lirangwe, mukangodziwa kukanda gitala mumathamangira kusankha dzina la bandi ndi kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook. Sindikukudzudzulani. Dera lomwe linalera Daniel ndi Donald Kachamba, Robert Fumulani wa Likhubula River ndi Evison Matafale silingabale ana osakonda nyimbo. Koma bandi ndi malo a ntchito, ana anga, ndipo magulu ambiri amene ndinawaona akupasuka ankaimba bwino ndithu. Anapasukira pogawana ndalama usiku, phwando litatha.

Taonani m'mene ndalama za pageti zimayendera. Mwini malo atapepo zake. Mulipire zokuzira mawu zobwereka, galimoto, achitetezo, ndi mafuta a jenereta poti magetsi sadalirika. Mvula ikagwa madzulo, anthu sabwera, koma onsewa amafunabe zawo. Pa zotsalazo woimba kutsogolo amatenga zochuluka poti dzina ndi lake, wa ng'oma ndi wa bezi n'kulandira zokwerera minibasi, mnyamata wonyamula masipika n'kupita ndi zikomo. Mawa lake wa bezi wasamukira ku kwaya ya ku tchalitchi, ndipo inu muyamba kumutchula wansanje.

Gulani kope. Mulembemo, onse alipo, gawo la munthu aliyense, ndi ndalama zopatula zogulira nsambo, zokonzera zida ndi zothandizira wodwala. Mulembenso mwini wa chida chilichonse. Apa ndi pamene ambiri amachita manyazi. Kiyibodi yogulidwa ndi ndalama za gulu ndi ya gulu, ngakhale izigona kwa mtsogoleri. Zida zimene wakupatsani wandale pa nthawi ya kampeni muzizilandira mukudziwa kuti akagwa pa chisankho akhoza kutumiza galimoto kudzazitenga. Promota akakuitanani ku Zomba kapena ku Mangochi, theka la ndalama lifike pa foni musananyamuke. Ndipo bungwe la COSOMA, lomwe lakhalapo kuyambira 1992, limapereka ndalama kwa amene analembetsa nyimbo. Ngati munapeka awiri, mayina onse awiri alowe pa fomu tsiku lomwelo, isanayambe kumveka pa wayilesi.

Musaganize kuti izi ndi za amphawi okha. Ku America, gulu lalikulu la Minnesota Orchestra linatsekera kunja oimba ake mu 2012 pa nkhani ya malipiro, ndipo oimbawo anabwerera pa ntchito mu 2014. Ku Vienna, kwawo kwa Gerhard Kubik amene anakumana ndi anyamata a Kachamba ku Blantyre mu 1967 n'kuthandiza kuti adziwike kunja, kuli gulu lomwe linayamba mu 1842, ndipo oimba ake amaliyendetsa okha, nkhani zikuluzikulu amachita kuvotera.

Mudzandiuza kuti a Black Missionaries agwirizana zaka zonsezi chifukwa ndi pachibale. Chibale chinathandiza, inde. Matafale, mtsogoleri wawo, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, Musamude Fumulani anatsatira mu 2007, koma abale ake Anjiru ndi Chizondi sanalole kuti ulendo wa zimbale za Kuimba uthere pomwepo. Komabe samalani, chifukwa chibale ndi fupa, sichiwola, koma fupalo silidyetsa ana. Mlendo ukam'bera amakuuza pamaso. Msuweni amangokhala chete, n'kukadandaula kwa amayi ake, nkhani ya bandi n'kusanduka mlandu wa pamudzi. Wachibale ndiye woyamba kumulembera gawo lake m'kope.

Chimene ndimasirira pa gulu limeneli ndi chikumbutso cha Matafale chimene chimachitika ku Chileka mwezi wa Novembala, anthu n'kuonera ulere. Wowerengera angati aluza tsiku lonse. Koma tsiku limenelo amayi amagulitsa mandasi, akabaza amagona ndi kanthu m'thumba, ndipo mwana wa ku Singano, kwawo kwa Matafale, amaona ndi maso kuti munthu wa pamudzi pawo angathe kuimirira pamaso pa khamu. Anthu amenewa ndi amene amadzalipira pageti ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi amenenso amakumba manda woimba akamwalira.

Donald Kachamba anakaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, koma kwawo ankakhala ndi anyamata ang'onoang'ono, kuwaphunzitsa chitoliro ndi bezi ya nsambo imodzi, ndipo atamwalira mu 2001 panali otsala odziwa kuimba nyimbo za kwela. Inunso pokonzekera musamatseke chitseko. Kamnyamata kamene kamasuzumira pa zenera kapatseni maseche, ndipo tsiku loyamba limene kadzanyamule sipika kupita nayo ku lole, dzina lake lilowe m'kope.