ULENDO WA ANYAMATA NDI ATSIKANA A MPINGO KU NAMUGONGO

Phunziro la mwezi wa Juni, la iwo otsogolera magulu a ana a mpingo

Caka ndi caka, pakutha pa mwezi wa Meyi, miseu ya dziko la Uganda idzala ndi anthu oyenda pansi. Asenza mitanda, mbendera za mipingo yao, mphasa ndi timitolo ta kamba, ndipo onsewo alunjika ku Namugongo, mudzi wokhala mailosi ngati 10 kucokera pakati pa mzinda wa Kampala. Ena acokera ku Lira, kumpoto, ulendo woposa mailosi 200. Ena aoloka malire a Kenya ndi Tanzania, nafika ali ndi matuza ku mapazi. A ku Zambia akwera basi, naturukira pa Nakonde, napyola Tanzania masiku angapo kufikira cipata ca Mutukula. Pa 3 Juni, tsiku limene boma la Uganda linaliika likhale lopumula, asonkhana pamenepo anthu zikwi mazanamazana, ndipo ambiri a iwo ndiwo anyamata ndi atsikana.

Gulu lofuna ulendo wotere liyamba kusonkha ndalama dzinja lisanathe. Ena agwira ganyu, ena agulitsa nkhuku ndi nshawa, ndipo mtsogoleri abvutika ndi mapasipoti ndi zikalata za katemera wa yellow fever, zimene afunsa pa cipata. Zonsezi nzofunika ndithu. Komatu ilipo nchito yina yoposa izi, imene iiwalika kawirikawiri pakati pa kuwerenga ndalama, ndipo woiphunzitsa bwino ndiye mnyamata amene anthu onsewa apita kukaona pamene anafera.

Amishoni a Anglikani anafika ku Buganda m'caka ca 1877, ndi ansembe a White Fathers mu 1879, omwewo amene anzao anadzamanga ku Mambwe mu 1891. Oyamba kumva Mau anali anyamata otumikira ku bwalo la mfumu. Mwanga atalowa ufumu mu 1884 anaopa, ndipo mantha ace sanali acabe konse, pakuti Azungu analikulanda maiko mbali zonse. Mu Okotobala 1885 analamula kuti aphe Bishopu James Hannington, amene analikudza ndi njira ya kum'mawa. Joseph Mukasa Balikuddembe, kapitao wa nyumba ya mfumu, anamdzudzula pa imfayo. Ndipo pa 15 Novembala anamdula mutu, natentha thupi lace. Panalinso mlandu wina wa m'tseri: mfumu inazolowera kucita zonyansa ndi matupi a anyamata ace, ndipo iwo ophunzira za Kristu anayamba kukana.

Kusunga anyamatawo kunagwera Charles Lwanga, wa zaka ngati 25, amene anabatizidwa masiku omwewo a imfa ya Mukasa. Anali nayo miyezi 6 yokha. M'miyezi imeneyo anawaphunzitsa usiku, nawatuma kutali pamene mfumu inawaitana ndi colinga coipa. Ndipo usiku wa pa 25 Meyi 1886, ku Munyonyo, ataona kuti mkwiyo wa mfumu wafika posabwerera, anabatiza ndi dzanja lace iwo amene anali asanabatizidwe, mwa iwo Gyavira, Mugagga, Mbaga Tuzinde, ndi Kizito, wamng'ono wa onse, wa zaka ngati 14. Mbiri ya mpingo wa kumeneko isimba kuti Kizito anali ndi mantha, ndi kuti Lwanga anamlonjeza kumgwira dzanja pa nthawi ya imfa.

M'mawa mwace anaweruzidwa, namangidwa, nayamba ulendo wa ku Namugongo. Wowerenga azindikire kuti uwu ndiwo ulendo woyamba wa gulu la anyamata a mpingo kunka kumaloko. Ena sanafike: Athanasius Bazzekuketta anaphedwa pa njira, ndi Gonzaga Gonza, amene maunyolo anamtupitsa miyendo, anagwa nalasidwa ndi nthungo. Otsalawo anakhala m'ndende sabata lathunthu pamene akupha analikutema nkhuni.

Tsono pa 3 Juni, tsiku lokumbukira kukwera kwa Ambuye kumwamba, kunacitika cinthu cimene mtsogoleri ali yense acisinkhesinkhe. Lwanga anampatula kwa anzace, namtentha yekha, pang'onopang'ono, kuyambira ku mapazi. Enawo anawapitiriza patsogolo, nawakulunga m'mphasa za bango, nawaika pa mulu umodzi wa nkhuni, Akatolika 12 pamodzi ndi abale ao a Anglikani. Cotero lonjezo lija silinacitike monga analinena. Kizito anafika pa moto wopanda dzanja la Lwanga, ndipo sanabwerera m'mbuyo. Mbaga Tuzinde anali wa banja la Mukajanga, mkuru wa akuphawo. Abale ace anamdandaulira sabata lonse ali yekhayekha, osaona mnzace ndi mmodzi yense, koma anakana kusiya. Cimene cinaimika anyamata awa cinaikidwa mwa iwo kale, m'mausiku aja a ku bwalo la mfumu.

Khamu la lero liyesa gulu m'njira yofanana, ngakhale kulibe moto. Anthu agona pansi pa bwalo, mvula ikagwa iwagwera. Pa zipata apolisi afufuza katundu, ndipo mzere utha maora. Akuba ali pomwepo, ogulitsa mowa ali kunja kwa mpanda, ndipo mau a mtsogoleri samveka mapazi khumi. Luka asimba (2:41-52) kuti Yosefe ndi Mariya, anthu osamala, anayenda tsiku lathunthu pobwera ku Paskha alikuyesa kuti Mwanayo ali pakati pa a ulendo anzao, ndipo anamfuna masiku atatu. Ngati zinatero ndi iwo, mtsogoleri wa ana 30 asadzinyenge kuti maso ace awiri adzakwanira. Awerenge ana ace m'mawa ndi madzulo, apatse wamng'ono ali yense mkuru womyang'anira, apangane malo okomanapo akasokonezana. Koma adziwe kuti ikudza nthawi, kapena pa Namugongo kapena patapita zaka ku migodi ndi ku Lusaka, pamene mwanayo adzaima yekha pamaso pa munthu wamphamvu womuuza acite coipa. Mtsogoleri amene anangosonkha ndalama za basi, osakhala pansi ndi ana ace kuwaphunzitsa, wawatengera ku Uganda kukaona anthu ambiri, basi.

Pofika kumeneko gulu lisathamangire kutunga madzi a m'thamanda lija ndi kugula zokumbukira, lisanaone malo onse awiri. Chalichi cacikuru ca Akatolika, comangidwa ngati nyumba yozungulira ya makolo ndi mizati 22, ciima pamene anafera Lwanga. Ndipo Papa Paul VI, amene anachula 22 aja oyera mtima mu 1964, sanaiwala kuchulanso a Anglikani, amene awerengedwa 23. Malo a Anglikani ali ku Nakiyanja, pamene panali mulu waukuru uja. Ambiri apita ku malo a mpingo wao okha nabwerera. Koma mtunda wa pakati pa malo awiriwa ngwaufupi, woyenda ndi mapazi, ndipo ndiwo umene Kizito ndi anzace anayenda atawacotsera mtsogoleri wao. Gulu liuyende pamodzi, mtsogoleri ali pambuyo.