Function Yako Ayikana? Pukuta Misozi Tikambirane

Azakhali, ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta. Ndinalemba function yabwino yokopera mawu, ndipo ndinapempha akuluakulu osamalira glibc kuti ayiike mu laibulale yawo. Koma andibweza ndi mafunso osatha: ili m'malamulo a POSIX? Akuigwiritsa ntchito ndani? Ma test ali kuti? Ine ndikuona kuti ndi nsanje basi. Nditani?
Mwana wanu wokhumudwa

Nsanje, mwananga? Akuchitire nsanje anthu oti ngakhale nkhope yako sakuidziwa? Khala pansi apa. Ndikudziwa kuti zikuwawa, unachezera usiku wonse maso ali psuu, ndipo kafunction kako kakukukongolera ngati mwana woyamba. Koma kukongola kwa mwana amakuona kwambiri ndi mayi wake.

Uyambe wadziwa khomo limene wagogodalo. Pa makompyuta ambiri a Linux, pafupifupi pulogalamu iliyonse ikafuna kutsegula failo, kupempha memory kapena kulemba mawu pa sikirini, imadzera mu glibc. Kulowetsa function mmenemo kuli ngati kulandira mkamwini pamudzi. Kubwera amabwera tsiku limodzi, koma akamanga nyumba n'kubereka ana, kumuchotsa kumakhala kugwetsa mudzi. Ndiye ankhoswe akamafunsa kwawo, khalidwe lake ndi amene akumudziwa, iwe ukuti nsanje?

Imva za mkamwini wina dzina lake gets. Ntchito yake ndi kuwerenga mzere wa mawu, koma safunsa kukula kwa malo oti awasungemo. Amangothira, malo adzaze, mawu asefukire mpaka kuwononga za eni ake. Mu 1988 pulogalamu yowononga ya Robert Morris inalowera pa mpata womwewu, pakati pa njira zina, n'kusokoneza makompyuta ambiri pa intaneti ya nthawi imeneyo. Aliyense anaona kuti gets ndi tsoka. Koma anadzachotsedwa m'malamulo a chiyankhulo cha C mu 2011, ndipo mu glibc akadalimo mpaka lero, chifukwa pali mapulogalamu akale amene angasiye kudzuka atamusowa. Anthu amene akukufunsawo akusamalira zolakwa za anthu amene anapuma ntchito kalekale. Ukuona chifukwa chake sakuthamangira kukusekerera?

Ndipo si zoipa zokha zimene zimamata. Cha m'ma 2010 a glibc anangoikonza memcpy, function yokopera zinthu mu memory, kuti izithamanga, osaphwanya lamulo lililonse lolembedwa. Mawu a mu Flash Player anayamba kumveka ngati wailesi yakutha mabatire, chifukwa pulogalamuyo inkadalira khalidwe lakale la memcpy limene palibe analilonjeza. Linus Torvalds, mwini wake wa Linux, anakalipa. Mapeto ake, mu glibc 2.14 anasunga mitundu iwiri, wakale wa mapulogalamu akale ndi watsopano wa atsopano. Walira mvula walira matope, mwananga: function yako ikalowa, anthu adzadalira ngakhale zolakwika zake, ndipo wina adzazinyamula iwe utapita kukagwira ntchito ina.

Tsopano ndikutonthoze, poti ndakukalipira mokwana. Sindiwe woyamba kubwezedwa, ndipo anabwezedwa ena okuposa iwe. Todd Miller ndi Theo de Raadt anabweretsa strlcpy ndi strlcat mu OpenBSD mu 1998, pofuna kuthana ndi vuto lomwe lija la mawu osefukira. Abale ena a BSD anazitenga, Solaris inazitenga, Apple nayo inazitenga. Zitafika ku glibc mu 2000, Ulrich Drepper, amene ankatsogolera nthawi imeneyo, anazikana, ndipo bamboyo sankadziwa kuthira shuga pa mawu. Mfundo yake inali yoti n'zochedwa, komanso kudula mawu mwakachetechete kumabisa vuto m'malo molithetsa.

Kodi eni ake anakhala pakhomo n'kumalira? Ayi ndithu. Anthu anangozikopera m'mapulogalamu awo, ena n'kumazitenga ku laibulale yapadera yotchedwa libbsd. Zinafalikira choncho mpaka komiti yolemba POSIX inavomera kuziika m'malamulo ake. Apo m'pamene glibc inatsegula chitseko, mu 2.38, chaka cha 2023. Zaka 25 chibadwire! Iwe wadikira masabata angati? Ndipo Drepper sanalakwe pa zonse: a kernel ya Linux, amene anali ndi strlcpy yawoyawo, anaisiya n'kutenga strscpy, mpaka anaichotseratu mu 2024. Nkhani ya kukopera mawu, imene iwe ukuiona ngati yophweka, akuluakulu akuikanganabe.

Ndiye chita izi. Function yakoyo uyiike mu kalaibulale kakekake, uyitulutse poyera, anthu ayigwiritse ntchito, ayiphwanye, akudandaulire, uyikonze. Kunjako ungasinthe dzina lake kapena kagwiridwe kake mawa lomwe, palibe angakumange. Mkati mwa glibc ufulu umenewo kulibe. Ukadzabwerera, usakanene kuti "ndi yabwino". Ukawaonetse mapulogalamu odziwika amene aliyense akulemba yekha chinthu chomwechi, ena akuchilemba molakwika. Umenewo ndiwo umboni umene amaumva. Ngati FreeBSD kapena laibulale ya musl ili kale ndi chofanana nacho, tenga dzina lomwelo ndi khalidwe lomwelo, usapeke lako pofuna kutchuka.

Za dzinazo usazipeputse. Dzina likalowa mu laibulale yaikulu, aliyense amene anali nalo kale mu pulogalamu yake amagundana nalo. Zinachitika ndi getline italowa mu POSIX ya 2008: anthu ambiri anali ndi getline yawo, pulogalamu n'kukana kumangika. Fufuza kaye ngati dzina lakolo lilibe mwini.

Kenako ntchito yotopetsa ija imene achinyamata mumaithawa. Lemba ma test, makamaka a pamene zinthu zavuta: mawu atatalika kuposa malo, malo atakhala ziro, ma thread awiri atayiitana nthawi imodzi. Lemba tsamba lofotokoza chimene imabweza ikalephera. Ndipo udzifunse moona mtima ngati ikufunikadi kukhala mmenemo. Zina zimayenera kukhalamo chifukwa zimalankhula ndi kernel, monga getrandom, komabe nayo inafika mu Linux mu 2014 n'kudzalowa mu glibc mu 2017. Yako ngati imatheka kulembedwa ndi mizere khumi pamwamba pa zomwe zilipo kale, adzakufunsa chifukwa chake dziko lonse liyinyamule.

Kalata yaukali imene walemba ija, ndikuidziwa ilipo, usaitumize. Uwayankhe funso lililonse modekha, ndipo pamene ulibe yankho unene kuti ukafufuza. glibc imatuluka kawiri pachaka, cha mu February ndi cha mu August, ndiye palibe basi imene yakusiya. Ukadzandilemberanso undiuze mapulogalamu amene akuigwiritsa ntchito, koma yako ndi ya mnzako wogona naye chipinda chimodzi usaiwerengere.

Azakhali ako