Kodi Widal akasonyeza, ndiye kuti ndi taifodi?

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Adokotala, chaka chino ndapezeka ndi taifodi katatu pachipatala china cholipira. Akanditenga magazi amati Widal wasonyeza. Mankhwala ndimamaliza. Kodi matendawa sachoka?"

DOKOTALA: Pepani mayi, mwavutika, ndalamanso zapita. Koma ndikukayika ngati katatu konseko inali taifodi. Njira ya Widal imeneyi anaiyambitsa dokotala wa ku France, Georges-Fernand Widal, mu 1896, ndipo siona kachilombo ka taifodi, Salmonella Typhi, kamene timadya m'chakudya kapena kumwa m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi. Imangoona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako, amene timati ma antibody. Wa ku labu amadontheza madzi a m'magazi anu pakagalasi, n'kusakaniza ndi tizilombo takufa. Tikaundana timibulu, amati mwapezeka nayo.

Vuto lake, asilikaliwa sachoka msanga nkhondo ikatha. Amakhala miyezi. Munthu amene anadwalapo kale angasonyeze chonchi ali bwinobwino. Malungo nawonso, komanso mitundu ina ya Salmonella, amasokoneza zotsatira. Chimene chimandipweteka n'chakuti inu mukumwa mankhwala a taifodi pamene chenicheni chokudwalitsani sichinafufuzidwe. Bwererani kuchipatala akakupimeni bwino.

WOULUTSA: Bambo wina wa ku Mchesi akuti mwana wawo watentha thupi masiku asanu. Malungo sanapezeke, Widal sanasonyeze. Akufunsa ngati mtima ungakhale pansi.

DOKOTALA: Ayi bambo, usakhale pansi. Thupi limatenga pafupifupi sabata kuti lipange asilikali ooneka, choncho poyambirira Widal angakane mwana ali ndi taifodi. Kuyeza kodalirika ndi kumene timati blood culture: magazi amawathira m'botolo kuti kachilomboko kamere, tikaone, tidziwenso mankhwala amene angakaphe. Zimatenga masiku angapo ndipo sizichitika pachipatala chilichonse, koma funsani. Musayambe mwamugulira makapisozi pagolosale. Taifodi yambiri ya kuno masiku ano simva amoxicillin, chloramphenicol ngakhale Bactrim, ndiponso mankhwala otere angalepheretse kachilombo kumera m'botolo.

Mwana akayamba kulira m'mimba, mimba n'kuuma gwa, kapena kubwebweta, thamangani naye ngakhale usiku. Taifodi imaboola matumbo, makamaka sabata yachitatu. Onaninso m'buku lake la kuchipatala ngati analandira katemera wa taifodi, amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2023. Ngati sanabayitse, akachira mukafunse kusikelo.