Phunziro 14: Mthuthuthu wa agogo wadzuka

Tiwerenge

Agogo amakhala ku Ulongwe, ku Angonia. Kuseri kwa nyumba yao kuli kacipinda. M'kacipindamo muli njinga yamoto. Ana amaichula kuti mthuthuthu. Dzina lake ndi MZ.

Njingayi ndi yakale. Inapangidwa mumzinda wa Zschopau, ku Alemanha, dziko limene ena amati Germany. Kuyambira caka ca 1979, anyamata ndi atsikana ambiri a ku Moçambique ankapita kukagwira nchito kumeneko. Agogo anapita nao. Caka ca 1990 anabwerera kumudzi ndi njinga imeneyi.

Nkhondo itatha mu 1992, agogo ankayenda nayo maulendo ataliatali. Tsiku lina njinga inafa. Agogo anaisunga m'kacipinda muja. Inakhala momwemo zaka zambiri.

Tsopano mlongo wa agogo wakalamba. Iye amakhala ku Tete. Watumiza mau akuti: "Acimwene, bwerani ndidzakuoneni."

Agogo anaitana amalume, amene amadziwa kukonza njinga. Mdzukulu wao wamkazi anabweranso kudzathandiza.

Tsiku loyamba anaitulutsa panja. Inali mbuu ndi fumbi. Mdzukulu anatunga madzi. Anaitsuka ndi kuipukuta.

"Agogo, ilizeni tsopano!"

"Ai, mdzukulu wanga. Wodwala sayamba ndi kuthamanga. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Tsiku laciwiri amalume anatsegula thanki. Gazolina wakale anali ataola ndipo ankanunkha. Munalinso dzimbiri. Amalume anatsuka thanki. Anatsukanso kampopi ka pansi pa thanki.

Tsiku lacitatu anaona polowera mpweya. Munali cisa ca makoswe! Amalume anacicotsa.

Tsiku lacinai anaika batire latsopano ndi vela yatsopano.

"Injini imafuna zinthu zitatu," anatero agogo. "Imafuna gazolina, mpweya ndi kamoto ka vela. Cimodzi cikasowa, njinga siilira."

Tsiku lacisanu anasintha matayala, cifukwa akale anali atang'ambika. Anapaka mafuta pa cheni. Anayesa mabuleki. Kenaka amalume anasakaniza gazolina ndi mafuta a injini pang'ono, pakuti njinga ya mtundu uwu imamwa zosakaniza.

Amalume anaponda citsulo colizira. Njinga inali zii. Anapondanso. Inali zii. Agogo anagwira mutu.

Mdzukulu anasuzumira pansi pa thanki.

"Amalume, kampopi kaja mwatsegula?"

Amalume anaseka. Anali ataiwala. Anatsegula kampopi, naponda kacitatu.

Thu! Thu! Thu-thu-thu!

Utsi unatuluka. Nkhuku zinathawa. Agogo aakazi analulutira.

M'mawa mwake amalume anavala kapasete. Agogo anavalanso yao, nakhala kumbuyo. Anayenda pang'onopang'ono. Masana anaoloka mlatho wa pa Zambezi. Mlongo wao anamva kulira kwa njinga, natuluka pakhomo kudzawalandira.

Mau atsopano

gazolina: mafuta amene njinga yamoto imamwa
vela: kacitsulo kotulutsa kamoto mkati mwa injini
dzimbiri: zofiira zimene zimadya citsulo cikanyowa
kapasete: cipewa colimba coteteza mutu

M'Cipwitikizi njinga yamoto amati *mota*.

Tiyankhe

1. Kodi njinga ya agogo inacokera kuti?
2. Cifukwa ciani agogo anafuna kupita ku Tete?
3. Kodi amalume anapeza ciani polowera mpweya?
4. Chulani zinthu zitatu zimene injini imafuna.
5. Ndani anakumbutsa amalume za kampopi?

Tilembe

tha  the  thi  tho  thu
thanki  thumba  mthuthuthu

Malizani mau awa: njin__  ve__  mo__

Tiwerengere

Njinga yamoto imodzi ili ndi matayala 2. Kodi njinga zamoto 3 zili ndi matayala angati? Jambulani, kenaka muwerenge.

Kumbukirani

Gazolina sacedwa kuyaka. Ana asasewere naye, ndipo asayandikitse moto. Paipi yotulutsa utsi imaocha, musaikhudze. Wokwera njinga yamoto avale kapasete.

Kwa makolo

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu madzulo. Muonetseni cinthu cimodzi cakale cimene cili pakhomo panu, monga njinga, wailesi, khasu kapena makina osokera. Mufotokozereni kumene cinacokera ndi amene anabwera naco. Ngati cinaonongeka, kambiranani za mmene cingakonzedwere, ndiponso coyamba kucita ndi ciani. Mawa mwana adzafotokozere anzake m'kalasi.